Za alongo anu omwe amangidwa pa nkhani ya usiku wa mvula uja

Achemwali pepani kaye ndi zomwe zakugweranizi. Mwafunsa ngati zili zoona kuti dzinja kuba kumachuluka, komanso kuti alongo anu muwathandize bwanji poti akuwaganizira kuti anathyola nyumba usiku kukugwa chimvula ndipo pali munthu akuti anawaona akuthawa. Ine ndili mu komiti ya community policing kwathu kuno nde zinazi timakumana nazo chaka ndi chaka.

Zoti kuba kumavuta dzinja eya ndi zoona. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mavuto amakumanizana, chimanga chatha m'nyumba, pamsika chakwera, maganyu olimbirana, kunyanjaku nako kumapeto a chaka amatseka kuti nsomba ziswane nde anyamata ambiri a makoka amangokhala m'thumba muli mbee. Ndiye onjezerani mvula ya usiku pa malata. Phokoso lija olo munthu azidula loko pakhomo panu simungamve, agalu abisala, mlonda wakausa pakhonde la neba, ife tomwe a komiti kunena chilungamo kukamakhuthuka chimvula sitizungulira ayi, ndani akufuna chibayo. Magetsi nawo mphenzi ikangong'anima thii. Nyumba za zidina zosaotcha khoma likanyowa limafewa, anthu amangoboola kumbuyo chitseko osachikhudza nkomwe. Amaba mbuzi, mabatire a sola, mainjini a maboti kugombe, Febuluwale akafika mondokwa m'munda.

Koma chimene ambiri sadziwa nchakuti mvula yomwe imabisa wakubayo imasokonezanso umboni, nde apa ndi pomwe pali nkhani ya alongo anu. Kukacha anthu amatsatira mapazi m'matope mpaka afike pakhomo pa munthu basi wakuba ndi uyu, chonsecho njirayo ndi yopita kumjigo aliyense amadutsa pomwepo, majombo a mphira aja theka la mudzi limavala ofanana, mapazi ena madzi akokolola kale. Ambiri amenyedwa ulele chifukwa cha zimenezi. Ndiye mlandu umatsala pa pakamwa pa munthu mmodzi woti ndinamuona ndi maso angawa, ndipo khoti silimangomeza mawu amenewo ayi, limadziwa kuti mboni itha kukhala yosanama koma yolakwitsa. Ikamaliza kupereka umboni woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woifunsa mafunso. Inali patali bwanji? Kuwala kunachokera kuti, tochi ya foni, babu la sola, kapena kung'anima kwa mphenzi komwe kumatha usanaphethire? Inaona nkhope kapena nsana wa munthu wofunda chipepala kumutu? Inasuzumira pawindo lonyowa kapena inatuluka? Dzina inalitchula usiku omwewo kapena mawa lake itamva anthu akunong'onezana? Ndi boma loyenera kutsimikizira khoti kuti iwo ndi amene anaba, si iwo kutsimikiza kuti sanabe.

Nde inuyo lero lomwe tengani kope mulembe zonse za usiku umenewo musanaiwale, mvula inayamba nthawi yanji, magetsi analipo kapena ayi, alongo anu anagona kuti ndipo anawaona ndani. Ngati anausa mvula kwinakwake, kaya pavidiyo shoo kaya kwa anzawo, anthu amenewo ndi mboni zanu muwauziretu. A zanyengo amasunganso malekodi a mvula, loya atha kuwapempha. Koma ndinene mosapsatira, ngati katundu wobedwayo anapezeka m'nyumba mwawo za mvulazi sizithandiza kwenikweni, pamenepo afotokoze bwinobwino anamupeza bwanji chifukwa kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandunso pawokha.

Musaitenge mwachibwana nkhaniyi. Gawo 309 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limasiyanitsa kuthyola nyumba masana ndi usiku, koma zonse ziwiri chilango chake ndi chokhwima kwambiri. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa wikendi kaya holide, komanso ali ndi ufulu wokhala chete, asasaine sitetimenti yomwe sanaimve bwino. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mupereke kenakake ka mafuta mukane. Ngati ndalama ya loya palibe funsani za a Legal Aid Bureau, aliponso ma paralegal a bungwe la PASI, othandiza pa zamalamulo koma si maloya, omwe amayendera anthu m'zitokosi ndi kundende, mukafunsa pakhoti akulozerani.

China chomwe chimagwetsa anthu ambiri dzinja ndi tsiku la khoti. Munthu wamutulutsa pa belo, tsiku lafika, mtsinje wadzadza, a kabaza akana kuoloka, iye nkumati aa adziwa okha kuti kwagwa mvula. Majisitireti amangoona kuti dzina laitanidwa munthu palibe, kenako waranti, belo ija nkuthetsedwa ndipo omwe anamuimira aja nawo ali m'madzi. Amene mumakhala mbali za Makanjira mukuudziwa msewu uja mvula ikagwa, ndipo tonse tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mmene anadulira njira mchigawo cha kummwera chino. Bola kunyamuka dzulo lake nkukagona kwa abale pa boma. Zikakanikiratu imbani foni kwa wapolisi amene akuyendetsa mlanduwo, mutumenso munthu ali pafupi akanene pakhoti m'mawa omwewo, jambulani ndi mtsinjewo pafoni mudzaonetse.

Mboni za boma nazo zimalephera kubwera chifukwa cha mvula yomweyi, mlandu nkumangosunthidwa munthu ali pa rimandi. Zikachitika choncho alongo anu asamangoti chabwino bwana, akweze dzanja apemphenso belo, inu mukhale mwakonzeka ndi abale awiri okhala ndi ziphaso zaunzika oti awaimire pompo.