Chikanda chimachokeradi ku duwa la orchid?

Mayi wina wa ku Kabwata, mu Lusaka, wandilembera pa imelo. Akuti mwana wake wamuuza kuti chikanda ndi mbale wake wa maluwa a orchid, aja okwera mtengo m'masitolo a maluwa. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati angachidzale kuseri kwa nyumba.

Mayi, mwana wanuyo sananame. Banja la ma orchid ndi lalikulu kwambiri, mitundu pafupifupi 28,000, ndipo ngakhale vanila ndi wa m'banja lomweli. Ena amamera pamitengo, monga Ansellia africana wa maluwa achikasu amawangamawanga ngati kambuku. Sayamwa mtengowo ayi, amangogwirira, mizu yake n'kumamwa mvula ndi chinyezi. Ma orchid a chikanda ndi apansi, a m'madambo ndi m'mapiri a udzu, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria.

Mukakumba chomera chotere mupeza timbatata tiwiri. Kamodzi kamakhala kofota, chifukwa kadyetsa kale duwa la chaka chino. Kanzake ndi konenepa, kolimba, kosungira chakudya cha chaka chamawa. Aka ndi kamene timasinja n'kuphika ndi nsinjiro, soda ndi tsabola. Wokumba akakatenga, chomeracho chathera pomwepo.

Za kudzala, ndikuuzeni zoona, n'zovuta. Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo mulibe chakudya m'kati mwake. Kuti zimere zimadalira timizu ta bowa winawake wa m'nthaka, amene amazidyetsa mpaka zitatulutsa masamba, ndiye pamapita zaka kuti duwa lioneke. Dothi la pakhomo panu mwina bowayo mulibe.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chikanda chinali chakudya cha kumpoto, kwa Abemba, koma lero chili ponseponse mu Lusaka muno, ndipo madambo athu sakukwanitsanso. Timbatata tambiri timene mumaona m'matumba pa msika wa Soweto timachokera kutali, kumapiri a kumwera kwa Tanzania. Kukumbaku kunakula mpaka boma la kumeneko linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa.

Ngati chimene mukufuna ndi duwa la pakhonde, gulani orchid wa mumphika wotchedwa Phalaenopsis. Musamuike m'dothi, amafuna makungwa a mtengo. Akhale powala koma posafika dzuwa la masana, ndipo muzithirira pokhapokha makungwawo akauma, chifukwa madzi akachuluka mizu imaola.