Hard drive ikulira tche, tche ndipo Windows ikufuna format: yankho kwa achimwene a ku Chibavi

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi amene amajambula zithunzi m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Ali ndi external hard drive ya 1 TB yomwe akhala nayo zaka zinayi. Masabata awiri apitawo inagwa patebulo ili yolumikiza ku laputopu. Chigwereni, imachedwa kutseguka, mafoda ena akangowadina laputopu imauma, nthawi zina kukumveka kaphokoso koti tche, tche, ndipo tsopano Windows ikuti aichite format, kutanthauza kuikonza mwatsopano ngati yopanda kanthu. M'katimo muli zithunzi za maukwati atatu zomwe eni ake sanalandire. Mnzawo wina wati aigoneke mu freezer, wina wati angochita format, pulogalamu idzabweza zonse. Funso lawo n'lakuti ayambe chiti.

Achimwene, pa ziwirizo musayambe n'chimodzi chomwe. Izuleni ku laputopu, muiike m'kabati pouma, kenako tikambirane.

M'kati mwa kabokosi kanuko muli mbale yosalala kwambiri imene imazungulira ka 5400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pake pamayenda kamkono, ndipo kunsonga kwake kuli kamutu kowerenga ndi kulemba. Kamutuko sikakhudza mbale, kamayandama pa kamphepo, ndipo mpata wake ndi wochepa kwambiri moti tsitsi limodzi pamenepo ndi chimtengo. Yanu inagwa ikuzungulira, ndiye n'kutheka ndithu kuti kamutu kanagunda mbale n'kuikanda. Pokandikapo pamatuluka tifumbi, tifumbito timakodwa pansi pa kamutu n'kukandanso pena. N'chifukwa chake inayamba ndi kuchedwa, kenako kuuma, lero ikupempha format. Zili ngati kuumirira kuyendetsa galimoto tayala litaphwa kuchoka ku Katoto mpaka ku Ekwendeni. Mwina mufika, koma rimu idzakhala itatha. Ulendo uliwonse umene mukuilumikiza kuti mungoona ngati yachira, mukudya mwayi wanu womwe.

Za freezer zisiyeni. Chitsulo chozizira chikatuluka kunja chimachita thukuta, ndipo mukudziwa chinyezi cha Mzuzu uno, kumene zovala zimagona pachingwe masiku awiri osauma. Timadontho timeneto tikakhala pa mbale, kamutu kadzakumana nato ikangoyamba kuzungulira.

Format nayo ayi. Windows ikamapempha zimenezi sikutanthauza kuti zithunzi zafufutika. Yangolephera kuwerenga kaundula amene amalozera pamene fayilo iliyonse yakhala. Mukavomera, ilemba kaundula watsopano pamwamba pa wakale, ndipo mukachotsa kachongi ka quick format, kuyambira Windows Vista format yonse imalemba maziro pa disiki yonse. Pamenepo palibe pulogalamu ingabweze kanthu. Chimodzimodzi chkdsk, kapulogalamu ka Windows koyeza disiki, imene anyamata ambiri okonza makompyuta amaithamangira. Ntchito yake ndi kuwongola kaundula, zithunzi zanu ilibe nazo chisoni. Chimene yalephera kumvetsa imachidula, mudzangopeza foda yotchedwa FOUND.000 yodzaza ndi zidutswa zopanda mayina.

Tsono poyesa matenda, muilumikize kamodzi kokha, ndipo muyambe ndi khutu. Sinthani chingwe cha USB, mulowetse pa bowo lina, chifukwa nthawi zina vuto limangokhala chingwe, ngakhale kwa inu ndikukayika popeza inagwa. Iyikeni pafupi ndi khutu masekondi ochepa. Ikamalira tche, tche mobwerezabwereza kenako n'kuzima, kapena ikamangoti pii, pii osazungulira, zulani msanga. Imeneyo yavulala kamutu, kapena kamutu kamatirira pa mbale, ndipo pulogalamu siingachize chitsulo chothyoka. Imafuna akatswiri otsegulira m'chipinda chosefedwa mpweya, n'kuikamo kamutu ka hard drive ina yofanana nayo. Makampani oterewa aliko ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo mtengo wake umaposa wa hard drive yatsopano kangapo. Wina m'tauni muno akati aitsegula, mufunseni kuti aitsegulira pati. Ngati ndi pakauntala pamene pali mafoni ndi fumbi la mumsewu, tengani katundu wanu muzipita.

Ikazungulira bwino n'kuoneka pa kompyuta, tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere imene imawerenga S.M.A.R.T., kabuku kamene hard drive imalembamo yokha za thanzi lake. Muyang'ane mizere itatu: 05 imawerenga malo owonongeka amene inawasiya n'kusamukira pena, C5 ndi malo amene ikulephera kuwerenga pakali pano, C6 ndi amene yalephereratu. Manambala a kumapeto kwa mizereyi akakhala kuti si ziro, makamaka akamakwera, ikufa. Koma ikalemba kuti Good musavine. Mu 2007 akatswiri a Google anafufuza ma hard drive oposa 100,000 ndipo anapeza kuti 36 mwa 100 alionse amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse mu S.M.A.R.T. Kwa ine, kugwa kuja ndi kaphokoso kaja ndi umboni wokwanira.

Yanuyi ili pakatikati: ikuonekabe, koma ikulira. Apa pofunika kusankha ndi mtima umodzi. Ngati mungakwanitse ndalama ya akatswiri, itumizeni musanayese china chilichonse, chifukwa mbale ikakandika kwambiri iwonso sangachite kanthu. Ngati ndalamayo palibe, muli ndi mwayi umodzi wabwino, ndipo musauwonongere pa kukopera mafoda ndi Windows. Windows ikafika pamalo owonongeka imakakamira pomwepo, kuwerenga n'kuwerenganso, mpaka hard drive imatha mphamvu, zithunzi zabwino zambiri zisanatuluke.

Chida choyenera ndi GNU ddrescue, yaulere, imene imakopera hard drive yonse kukhala fayilo imodzi, ndipo imayenda pa Linux, mnzake wa Windows poyendetsa kompyuta. Gulani kapena bwerekani hard drive ina yabwino ya 2 TB. Ikani Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, pa flash, muyatsire laputopu pa flash imeneyo, kenako muike phukusi lotchedwa gddrescue. Lamulo la lsblk likuonetsani dzina la hard drive yodwalayo, tinene kuti ndi /dev/sdb. Muli m'foda ya pa hard drive yatsopano ija, lembani:

sudo ddrescue -d -n /dev/sdb chithunzi.img mapu.txt

Nzeru ya ddrescue ndi ya mlimi wokolola mvula ikubwera: imayamba yatuta pabwino ponse mwachangu, poipa n'kudumpha. Ikamaliza, bwerezani lamulo lomwelo koma m'malo mwa -n mulembe -r1, ibwerere kukakunkha m'malo ovuta aja. Kafayilo ka mapu.txt musakaiwale, ndi kamene kamasunga pamene ntchito yafika. Ntchitoyi itha kudya tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Akathima, batire ya laputopu ikupatsani mpata woimitsa bwinobwino ndi Ctrl ndi C, akayaka mupitiriza pomwe munalekezera. Kulira kukachuluka, kapena liwiro likagwa mpaka ziro kwa nthawi yaitali, imitsani. Ngati Linux simunaigwirepo, pezani wophunzira za makompyuta ku Luwinga akhale nanu, koma mumuuze kuti ntchito ndi iyi yokha, asayese zokonza.

Mukapeza chithunzi.img, lomwe ndi kope la hard drive yonse, yodwala ija ibwerere m'kabati. Zonse zotsatira muzichitira pa kope. Yambani ndi TestDisk, imene imatha kuwerenga kaundula wowonongeka n'kukuonetsani mafoda ndi mayina ake kuti mukopere. Ikakanika, mnzake PhotoRec, onse awiri analemba ndi Christophe Grenier wa ku France, imafufuza zithunzi pozizindikira ndi mmene fayilo imayambira, kaya ndi JPG, CR2 ya Canon kapena NEF ya Nikon. Kuipa kwake, mayina ndi mafoda sizibwera. Mudzapeza zithunzi masauzande zili ndi manambala okhaokha, mkwatibwi wa ku Zolozolo atasakanikirana ndi wa ku Mchengautuwa. Musadandaule, kamera imalemba tsiku ndi nthawi m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndiye mukazisanja potsata tsiku lojambula, ukwati uliwonse udzipatula wokha.

Pali china chimene simunatchule mu imelo yanu, ndipo mwina n'chimene chingakupulumutseni msanga: ma memory card a kamera. Ngakhale munachita format mu kamera, kawirikawiri zithunzi zimakhalamobe mpaka zatsopano zitalembedwa pamwamba. Lekani kujambulira pa makhadi amenewo lero lomwe, muwayendetse mu PhotoRec. Ukwati womaliza uja n'kutheka uli momwemo wonse. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi SSD, chosungira mafayilo chopanda mbale yozungulira, dziwani kuti kumeneko nkhani ndi ina: chifukwa cha TRIM, lamulo louza SSD kuti iyeretse malo a zofufutidwa, fayilo yofufutidwa imatha kutheratu m'mphindi zochepa.

Eni maukwati aja auzeni zoona sabata ino, asamve mochedwa. Ndipo ndalama ya ntchito yotsatira igule ma hard drive awiri, ina izigona kunyumba ina kwa m'bale wanu. Ife a Mzuzu tinaona mu December 2015 laibulale ya Mzuni itapsa, mabuku onse ali m'nyumba imodzi. Zithunzi zosankhidwa za ukwati umene simunapereke muziikanso pa Google Drive, pali 15 GB yaulere.

Mukailumikiza kamodzi kaja, jambulani CrystalDiskInfo ndi foni, mizere ya 05, C5 ndi C6 ioneke bwino, mujambulenso kaphokosoko masekondi khumi. Munditumizire zonsezo musanayambe ddrescue.