Funsani Tikuyankheni: Mayi Amene Anasewera Mfumu Lear

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale ya atsikana okhaokha kuno ku Zomba, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya zisudzo. Popeza tilibe anyamata, mbali zonse za amuna amasewera ndi atsikana omwewa. Chaka chatha pa mpikisano wina, mtsikana amene ankasewera ngati mfumu yokalamba tinamumata ndevu za thonje ndi guluu, n'kumuthira ufa m'mutu kuti zioneke ngati imvi. Sewero lili mkati ndevu zija zinamatuka mbali imodzi n'kumalendewera pachibwano, ndipo holo yonse inafa nacho chiseko pamalo pamene anthu anayenera kugwidwa ndi chisoni. Kuyambira tsiku limenelo atsikana anga akukana mbali za amuna. Mnzanga wina anandiuza kuti ku England kunali mayi wina wokalamba amene anasewera Mfumu Lear ndipo anthu anamuyamikira. Kodi zimenezi n'zoona, nanga mayiyo anali ndani?

Mphunzitsi wa ku Zomba

YANKHO

Aphunzitsi, mnzanuyo sananame. Mayi amene ankanenayo ndi malemu Glenda Jackson, omwe anasewera Mfumu Lear, mbali yaikulu ya m'sewero lina la William Shakespeare, m'nyumba ya zisudzo ya Old Vic mumzinda wa London m'chaka cha 2016, ali ndi zaka 80, ndipo anabwerezanso mbali yomweyo ku New York m'chaka cha 2019. Koma musanapite kukawauza atsikana anu nkhaniyi, ndi bwino mudziwe kumene mayiwa anachokera, chifukwa zimene anachita pa nsanja ali nkhalamba zinali zipatso za ntchito imene anaiyamba kalekale ali mtsikana.

Mayi Jackson anabadwa pa 9 Meyi 1936 ku Birkenhead, tauni imene ili tsidya lina la mtsinje wa Mersey moyang'anizana ndi Liverpool. Bambo awo anali mmisiri womanga nyumba, pamene mayi awo ankagwira maganyu osiyanasiyana kuphatikizapo kukolopa m'nyumba za anthu. Atasiya sukulu anagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala ya Boots, uku madzulo akuchita zisudzo m'kagulu ka anthu ongodzipereka, kofanana ndi timagulu ta achinyamata timene timakumana m'maholo a tchalitchi ku Chinamwali kapena ku Sadzi. M'chaka cha 1954 anapeza mwayi wa thandizo la maphunziro n'kulowa sukulu yotchuka ya zisudzo ya RADA ku London. Atamaliza maphunziro zinthu sizinawayendere msanga. Anatha zaka zingapo akuyendayenda ndi magulu a zisudzo a m'matauni ang'onoang'ono, kumene munthu amasewera mbali iliyonse imene wapatsidwa ndiponso amathandiza kunyamula katundu wa pa nsanja, ndipo panali nthawi yaitali imene sanapeze mbali ina iliyonse, moti ankadyera ntchito zina monga yoperekera zakudya m'malo odyera.

Mwayi wawo unatseguka m'chaka cha 1964 pamene anali m'gulu la Royal Shakespeare Company, ndipo mtsogoleri wa zisudzo Peter Brook anawapatsa mbali m'sewero la Marat/Sade. Mbali imeneyi inali yovuta kawiri, chifukwa iwo ankasewera ngati wodwala misala amene nayenso akusewera ngati Charlotte Corday, mayi amene anapha Jean-Paul Marat pa nthawi ya kuukira boma ku France. Kuchokera pamenepo dzina lawo linamveka, ndipo analandira mphotho ya Oscar kawiri, koyamba chifukwa cha filimu ya Women in Love, kachiwiri chifukwa cha filimu yoseketsa ya A Touch of Class ya 1973. Maulendo onse awiri iwo sanapite n'komwe ku mwambo wolandirira mphothozo.

Anthu wamba a ku Britain anawadziwa kwambiri kudzera pa wayilesi ya kanema. M'chaka cha 1971, BBC inaonetsa sewero la zigawo zisanu ndi chimodzi lotchedwa Elizabeth R, lofotokoza moyo wa Mfumukazi Elizabeth yoyamba kuchokera pa utsikana mpaka imfa. Pofuna kufanana ndi zithunzi zakale za mfumukaziyo, Mayi Jackson analola kumetedwa tsitsi la kutsogolo kuti chipumi chioneke chachitali, m'malo mobisa tsitsilo ndi chinthu chongovala. Sewerolo linawapezetsa mphotho ziwiri za Emmy ku America.

Tibwere tsopano ku ndevu zanu za thonje. Mfumu Lear ndi nkhalamba imene ikugawira ana ake aakazi atatu ufumu wake, n'kuthamangitsa Cordelia, mwana yekhayo amene ankamukonda moona, chifukwa chakuti anakana kumutamanda ndi mawu oshashalika monga anachitira akulu ake. Mapeto ake mfumuyo ikupezeka panja pakati pa mvula yamkuntho, mutu utasokonekera. Posewera mbali imeneyi Mayi Jackson sanamate ndevu, sanayese kuyenda ngati mwamuna wamphamvu, ndipo anavala zovala wamba za masiku ano. Chimene anabweretsa pa nsanja chinali mawu awo, amene ankamveka mpaka mpando wakumbuyo ngakhale akulankhula motsitsa, komanso ukali wa munthu amene wazolowera kuti akalankhula aliyense amakhala chete. Iwo eni ankafotokoza kuti munthu akamakalamba kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi kumanka kuchepa, ndipo aliyense amene anasamalirapo agogo ake aamuna ndi aakazi kumudzi angavomereze kuti mkwiyo, mantha ndi kuiwala kwa ukalamba sizisankha.

Ife tikuona kuti vuto silinali mwa mtsikana wanu uja. Ndevu zongomata zimauza oonera kuti mukufuna kuwapusitsa, ndiye maso awo amakhala pa ndevuzo kudikira kuti bodza liululike liti. Mukazichotsa, oonera amavomereza m'mphindi zoyambirira kuti mtsikanayu ndiye mfumu, monga momwe ana amavomerezera kuti agogo akusimba nthano ndiwo kalulu ndiponso ndiwo njovu, popanda kuvala makutu kapena chitamba. Mpatseni ndodo kapena litchowa, mkhazikeni pampando wapamwamba, ndipo anzake azigwada ndi kuwomba m'manja polankhula naye, chifukwa ufumu pa nsanja umaoneka kwambiri m'mene anthu ena akuchitira pamaso pa mfumuyo. Nthawi imene munkataya pofunafuna thonje ndi guluu muigwiritse ntchito pomuphunzitsa kupuma bwino ndi kutulutsa mawu kuchokera m'mimba. Mukamuimika kumapeto kwa bwalo la mpira inu n'kukaima kumapeto enawo, mudzadziwa msanga ngati mawu ake angadzaze holo yaikulu ngati Great Hall ya ku Chancellor.

Muwakumbutsenso atsikanawo kuti m'nthawi ya Shakespeare akazi sankasewera pa nsanja za ku London, kotero mbali za Cordelia, Juliet ndi akazi ena onse ankasewera ndi anyamata. Sukulu yanu ikungochita zomwezo motembenuza.

FUNSO

Akonzi, ndinamva pa wayilesi kuti katswiri wa zisudzo Glenda Jackson analinso phungu wa Nyumba ya Malamulo. Kodi ankakwanitsa bwanji ntchito ziwirizi pa nthawi imodzi? Ndikufunsa chifukwa mwana wanga akuphunzira zisudzo ku yunivesite kuno, koma pakamwa pake sipachoka nkhani za ndale.

Bambo wa ku Matawale

YANKHO

Bambo, yankho lake ndi lakuti sanaziphatikize. Pamene anasankhidwa m'chaka cha 1992 kukhala phungu wa dera la Hampstead and Highgate ku London pa tikiti ya chipani cha Labour, zisudzo anazisiyiratu, ndipo anakhala m'Nyumba ya Malamulo zaka 23 osabwereranso pa nsanja. Chipani chawo chitalowa m'boma m'chaka cha 1997, nduna yaikulu Tony Blair anawasankha kukhala nduna yaing'ono mu unduna wa za mtengatenga, udindo umene anautula m'chaka cha 1999. Pambuyo pake anakhala mmodzi mwa aphungu a chipani chomwecho amene ankadzudzula a Blair poyera, makamaka pa nkhani ya nkhondo ya ku Iraq. Kutchuka kwawo sikunawapatse mavoti aulere, chifukwa pa chisankho cha 2010, malire a dera atasintha n'kukhala Hampstead and Kilburn, anapambana ndi mavoti 42 okha. M'chaka cha 2013, aphungu atasonkhana kuti akhuze maliro a Margaret Thatcher, amene kale anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, iwo anaimirira n'kudzudzula mfundo za malemuyo mosapsatira mawu, aphungu a mbali inayo akuwakuwiza.

Kwathu kuno njira yochokera ku zisudzo kupita ku ndale si yachilendo. Malemu Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la Wakhumbata, anakhalapo nduna m'masiku omaliza a ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, ndipo a Michael Usi, amene ambiri anawadziwa ndi dzina la Manganya, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2024. Chimene chimatichititsa chidwi ndi Mayi Jackson n'chakuti anatseka chitseko chimodzi asanatsegule chinzake, mwina podziwa kuti phungu amene usiku uliwonse ali pa nsanja anthu a m'dera lake sangamukhulupirire akamalonjeza, poganiza kuti akusewerabe.

Atapuma pa ndale m'chaka cha 2015 anayamba ndi masewero a pa wayilesi ya BBC Radio 4, kumene mawu okha ndiwo amagwira ntchito monga mukudziwira inu amene munakula mukumvera Sewero la Sabata Ino, kenaka n'kupita ku Mfumu Lear. M'chaka cha 2018 analandira mphotho ya Tony ku New York chifukwa cha sewero la Edward Albee lotchedwa Three Tall Women, ndipo mu 2019 anabwerera pa kanema wa BBC mu Elizabeth Is Missing, akusewera ngati mayi wokalamba wodwala matenda oiwala amene akufunafuna mnzake wosowa. Mbali imeneyi inawapezetsa mphotho ya BAFTA m'chaka chotsatira. Anamwalira kunyumba kwawo ku Blackheath, mumzinda wa London, pa 15 Juni 2023 ali ndi zaka 87, atangomaliza kujambula filimu yawo yomaliza pamodzi ndi katswiri mnzawo wa mafilimu Michael Caine.

Kunena za mwana wanu, musamuletse kukamba za ndale, pakuti ophunzira a zisudzo a ku Chancellor akhala akuzikamba kuyambira masiku a gulu lawo la zisudzo la Travelling Theatre, pamene mawu ena ankayenera kubisidwa m'nthano ndi m'mafanizo. Koma mukadzakhala naye pansi mumuuze kuti Mayi Jackson analowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi zaka 55, atagwira kale ntchito ya zisudzo kwa zaka zoposa 30, ndipo mumufunse kuti iye wasewera kale mbali zingati chiyambireni maphunziro akewa.