Funsani Dokotala: Kodi mkaka wanga ukumukwanira mwana?

Funso: A dokotala, ndili ndi mwana woyamba wa masabata atatu. Amafuna bere pafupifupi maola awiri alionse, ndi usiku womwe, ndipo madzulo amalira kwambiri. Mabere anga ndi aang'ono, ndiye achibale akuti mkaka wanga ndi wochepa komanso wamadzimadzi, ndiyambe kumupatsa madzi ndi mkaka wa m'chitini. Nditani?

Yankho: Mayi, pa zonse zimene mwafotokozazi palibe chikusonyeza kuti mkaka wanu ndi wochepa. Mwana wakhanda amayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, chifukwa kamimba kake ndi kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere sukhalitsa kugayika. Kulira kwa madzulo ndiponso kufuna bere motsatizana n'kofala pa msinkhu umenewu, ndipo kawirikawiri kumachepa mwana akamakwanitsa miyezi itatu kapena inayi.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi mmene mkaka umapangidwira. Mwana akamayamwa, ubongo wa mayi umatulutsa timadzi tiwiri: prolactin, amene amauza bere kuti lipange mkaka, ndi oxytocin, amene amafinya timisempha ta m'bere kuti mkakawo utsike. Bere likamakhuthulidwa pafupipafupi limapanga wochuluka, koma likakhala chodzadza thupi limaona ngati mkaka sukufunika, ndipo limachepetsa. Apa ndi pamene malangizo a achibale anu, ngakhale kuti akuchokera pa chikondi, angakubweretsereni vuto limene panopa mulibe. Mwana akakhuta madzi kapena mkaka wa m'chitini amayamwa pang'ono, bere limapanga wochepa, mayi amawonjezera botolo lina, ndipo pakatha masabata ochepa mkaka umachepadi. Zimandimvetsa chisoni kuti mayi wotere amadziimba mlandu kuti thupi lake lalephera, pomwe thupilo linangotsatira zimene linauzidwa.

Kukula kwa bere kumatengera mafuta amene ali m'menemo, osati tizigawo topanga mkaka, choncho bere laling'ono limadyetsa mwana mofanana ndi lalikulu. Nawo maonekedwe amadzimadzi asakudetseni nkhawa. Pafupifupi magawo 87 mwa 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi, n'chifukwa chake mwana safunika madzi akumwa ngakhale kunja kutatentha chotani, ndipo mafuta amachuluka pamene bere likupita kokhuthuka. Musiyeni atsirize bere limodzi musanamupatse linalo. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, kenako kuyamba zakudya zina uku mukupitiriza bere mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Madzi operekedwa msanga amalanda malo a mkaka m'mimba, komanso akhoza kulowetsa majeremusi oyambitsa kutsekula m'mimba.

Umboni weniweni uli pa thewera ndi pa sikelo. Mwana amene akukhuta amanyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo pa tsiku kuyambira tsiku lachisanu, mkodzo wake sukhala wachikasu kwambiri, ndipo akamafika masabata awiri amakhala atabwerera pa kulemera kumene anabadwa nako, popeza pafupifupi ana onse amayamba atsikako m'masiku oyambirira. Onaninso mmene akugwirira bere: pakamwa patseguke kwambiri, chibwano chikhudze bere, ndipo alowetse mbali yaikulu ya malo akuda ozungulira nsonga, osati nsonga yokha. Nsonga zikamapweteka kapena kung'ambika, kawirikawiri vuto limakhala pamenepa, ndipo namwino angakuthandizeni kukonza kagwiridweko. Koma mwana akamakodza pang'ono, akamakana bere, akamagona mofooka osadzuka kuti ayamwe, akatentha thupi, kapena liwombo likalowa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Alipo amayi ochepa amene mkaka wawo umaperewera pa zifukwa za matenda, ndipo iwo amafunika thandizo la achipatala, osati chitonzo.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 8. Ndamva kuti mkaka woyamba wachikasu uja ndi woipa ndipo uyenera kufinyidwa n'kutayidwa. Kodi n'zoona?

Yankho: Ayi mayi, chonde musadzautaye ngakhale dontho limodzi. Mkaka umenewo ndi wodzadza ndi zinthu zoteteza mwana ku matenda, zimene zimakuta matumbo ake osakhwimawo, ndipo umathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba, zomwe zimachepetsa chikasu. Umatuluka wochepa, koma tsiku loyamba mimba ya mwana imangolandira pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa nthawi, ndiye umamukwanira mpaka mkaka woyera utabwera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi. Pemphani azamba kuti akadzangobadwa adzamuike pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe.

Funso: Bere langa latupa mbali imodzi, lafiira ndipo likupweteka. Anzanga akuti mkaka wa bere limenelo wawonongeka, ndisiye kuyamwitsira. Ndimvere?

Yankho: Mkaka suwola uli m'bere, ngakhale mutatalikirana ndi mwana tsiku lathunthu kapena mutatenga pakati pena. Zimene mukufotokozazi ndi kutupa kobwera chifukwa mkaka sukuyenda bwino, ndipo kusiya kuyamwitsa mwadzidzidzi kumawonjezera kutupako mpaka kungayambitse chithupsa. Pitirizani kuyamwitsa mabere onse awiri nthawi iliyonse imene mwana akufuna, ikanipo kansalu kozizira mukatha kuyamwitsa, mupewe kulikanya mwamphamvu, ndipo muzipuma mokwanira. Mukayamba kutentha thupi ndi kuzizidwa, kapena pakatha tsiku limodzi popanda kusintha, kaonaneni ndi dokotala, ndipo mumuuze kuti mukuyamwitsa kuti akusankhireni mankhwala oyenerana ndi mwana.