Yezani madziwo, nambala ya CPU isakusokonezeni

Achimwene, mwafunsa mmene mungadziwire kutentha kwa madzi oziziritsa amene amazungulira m'kompyuta yanu, popeza CPU, ubongo wa kompyuta, ikumafika 85°C mukamakonza mavidiyo a maukwati, mafani n'kumalira ngati chigayo. Nambala ya CPU ija si ya madzi ayi. CPU imalumpha kuchoka pa 45 kufika 80 mukangotsegula pulogalamu yolemera, pomwe madzi amakwera mwa kachetechete, ndipo amafuna mphindi 20 kapena 30 za ntchito yeniyeni kuti akhazikike. Mukawerenga isanakwane nthawi imeneyo mwadzinamiza.

Simunanene mtundu wa cooler yanu, chipangizo choziziritsa CPU. Ngati ndi AIO, ija yobwera yotsekeratu, musayerekeze kuidula. Za NZXT Kraken ndi zambiri za Corsair zili kale ndi sensor yoyezera kutentha m'pampu. Lumikizani kachingwe kake ka USB pa motherboard, mutsegule pulogalamu ya CAM (ya NZXT) kapena iCUE (ya Corsair), muone polembedwa liquid kapena coolant.

Koma ngati munachita kumanga nokha, mapaipi ndi reservoir (kathanki ka madzi), gulani sensor ya mtundu wa 10k NTC yomangira pa mazinga a saizi ya G1/4. Ilipo yoika pakati pa fitting (cholumikizira paipi) ndi radiator (pomwe mafani amaziziritsira madzi) madzi n'kumadutsamo, ilipo ina yongotseka pabowo ngati chivindikiro. Ili ndi mawaya awiri basi. Ma motherboard ambiri a ASUS ali ndi polumikiza polembedwa T_SENSOR. Ngati yanu ilibe, pafunika kabokosi ngati Aquacomputer Quadro. M'mashopu a muno m'Chipata sindinaionepo, yanga ndinachita kuitanitsa kudzera ku Lusaka. Khuthulani madzi musanamasule chilichonse, ndipo mukamanga muyale tishu pansi pa fitting, muyendetse pampu yokha kaye. Kadontho kamodzi pa graphics card mulira maliro.

Za pomwe muyiike sensor ija musavutike nazo. Pampu ikamayenda bwino, madzi amasiyana digiri imodzi kapena ziwiri zokha njira yonse.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amasochera. Madziwo sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda chanu, choncho ikani ka thermometer patebulo, muzichotsera nambala ya chipinda pa nambala ya madzi. Mu Okutobala, chipinda cha malata chopanda siling'i chikafika 33 masana, madzi a 40 ali bwinobwino, akungoposa chipinda ndi 7. Koma 40 yomweyo mu Julayi m'mawa, chipinda chili pa 18, ndiye kuti penapake pavuta: fumbi, mpweya wotsekeredwa m'radiator, kapena pampu yafooka. Ine zinandichitikira chaka chatha. Nditachotsa mafani ndinapeza radiator yavala fumbi ngati bulangete, mphepo ya mu Ogasiti italowetsa zonse pawindo. Nditaipemerera, madzi anatsika ndi madigiri 6 tsiku lomwelo.

Pampu ya mtundu wa D5 malire ake ndi madzi a 60°C, koma ine sindidikira kufika kumeneko, alamu ndinaitchera pa 45.

Wina wanena zolozetsa kamfuti ka infrared paipi. Kamayeza kunja kokha, ndipo pachitsulo chonyezimira kamanama kwambiri. Ngati ndi kokhako muli nako, matani tepi yakuda m'mbali mwa radiator muzilozetsa pamenepo.

Sensor ikangogwira ntchito, lowani mu BIOS (maseting'i a motherboard) kapena pulogalamu yanu, muuze mafani azitsatira madzi osati CPU. Anga amayenda pang'ono mpaka madzi afike 35, amathamanga ndithu pa 42. Chigayo chija chikhala chete.