Kodi okosijeni wa m'thanki amachiza multiple sclerosis?

FUNSO: Mchemwali wanga anamupeza ndi matenda a multiple sclerosis chaka chatha. Anzake akumuuza kuti azikapuma okosijeni m'thanki, chithandizo chotchedwa hyperbaric oxygen. Kodi chimathandizadi? Mayi wa ku Leeds, England

YANKHO: Pepani Mayi, chithandizochi sichichiza multiple sclerosis (MS) ndipo sichiletsa matendawa kukula. Pa MS, chitetezo cha m'thupi chimawononga kachikuto ka mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, kotchedwa myelin. Okosijeni sabwezeretsa kachikutoka.

Wodwala amakhala m'thanki yachitsulo yomwe amaipopera mpweya mpaka kufika pa 1.5, 1.75 kapena 2 ATA (muyezo wa kupanikiza kwa mpweya). Pa 2 ATA, mpweya umapanikiza thupi ngati munthu wamira mamita 10 m'madzi. Kenako amavala masiki n'kupuma okosijeni yekhayekha kwa ola limodzi. Poyamba amapita maulendo 15 mpaka 20 motsatizana, pambuyo pake kamodzi pa sabata.

Chiyembekezo chinakula mu 1983, pamene Dr Boguslav Fischer ndi anzake ku New York anayesa njirayi pa odwala 40. Ambiri mwa amene anapuma okosijeni anapezako bwino, koma kwa ochuluka zinali za kanthawi. Mu 2004, bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 9 wa anthu 504 ndipo silinapeze umboni wodalirika. N'chifukwa chake NHS, nthambi ya zaumoyo ya boma ku Britain, siilipira chithandizochi pa MS, ndipo bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, silinachivomereze pa matendawa. Malo amene amachipereka ku Britain, kuyambira a mumzinda wa Dundee ku Scotland omwe anatsegulidwa mu 1982, ambiri ndi a mabungwe achifundo.

Alipo amene amati kutopa ndi vuto la chikhodzodzo zimachepa. Sitikuwatsutsa, koma MS ndi matenda oti lero akula mawa achepa, choncho n'kovuta kudziwa chimene chathandiza. Chimene timaopa kwambiri n'chakuti munthu asiye mankhwala amene dokotala wa mitsempha anamupatsa. Mtsempha ukawonongeka pa nthawi imeneyo, nthawi zambiri suchira.

FUNSO: Nanga akaumirira kupita, asamale chiyani?

YANKHO: Ayambe wauza dokotala wake. Vuto lofala ndi makutu. Mphindi 10 mpaka 15 zoyambirira, mpweya umakankha kachikopa ka m'kati mwa khutu. Azimeza malovu, kuyasamula, kapena kutsina mphuno n'kupemerera pang'onopang'ono atatseka pakamwa. Khutu likapweteka anene msanga kuti aleke kaye kupopa, chifukwa kachikopako kamatha kuboka. Tsiku la chimfine asalowe, popeza njira ya pakati pa khutu ndi kukhosi imakhala yotsekeka.

Amene mapapo ake anaphwa chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'chifuwa saloledwa kulowa mpaka atachira. Wodwala shuga adye ndi kuyeza shuga asanalowe, chifukwa amatha kutsika ali m'katimo. Amene analandirapo mankhwala a khansa monga bleomycin anene. Pakapita maulendo ambiri, ena saona bwino patali, koma maso amabwerera pakatha masabata angapo. Mwa apo ndi apo, okosijeni wochuluka amachititsa munthu kukomoka ngati wakhunyu.

Moto ndiye woopsa kuposa zonse. Machesi, foni, mafuta odzola ndi pafyumu zitsale panja, ndipo avale zovala za thonje.