Azakhali Analipira Opaleshoni ndi Khadi Lawo: Kodi Banki Ingabweze Ndalama?

Wowerenga wina wa ku Leeds, ku England, watilembera kuti azakhali ake anamulipirira £6,500 pa credit card yawo kuti akakonzetse mphuno. Tsopano mphunoyo yakhota, kupuma kukuvuta, ndipo chipatala chasiya kuyankha makalata. Akufunsa ngati banki ya azakhaliwo ingabweze ndalamazo.

Achemwali, lamulo limene anthu amadalira pa nkhani zotere ku Britain ndi Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974. Likunena kuti chinthu cha mtengo woposa £100 koma wosapitirira £30,000 chikagulidwa ndi credit card, banki nayo imasenza mlandu limodzi ndi wogulitsa ngati wogulitsayo waphwanya mgwirizano kapena ananama potsatsa. Ngakhale khadi litalipira dipoziti yokha, lamuloli limagwirabe. Amene anakachitidwa opaleshoni kunja, monga ku Turkey, nawonso asataye mtima, chifukwa mu 2007 House of Lords, yomwe inali khoti lalikulu kwambiri ku Britain pa nthawiyo, inagamula kuti limakhudzanso zogula kunja.

Koma nkhani yanu ili ndi pokhota. Lamuloli limateteza mwini ngongole, kutanthauza mwini khadi, ndipo mwini ngongoleyo ayenera kukhala yemwe anapangana ndi wogulitsa. Inu munachitidwa opaleshoni koma khadi si lanu. Azakhali khadi ndi lawo koma mpeni sunawakhudze. Mabanki amakanira pamenepa.

Ndiye yambani mwatulutsa mapepala onse. Fomu yovomereza opaleshoni imasainidwa ndi wodwala kawirikawiri, imeneyo isakusokonezeni. Yang'anani invoice ndi chikalata cha mgwirizano wa malipiro. Ngati dzina la azakhali lili pamenepo ngati wogula, kapena pali maimelo osonyeza kuti ndi iwo amene anakambirana mtengo ndi tsiku, mpata ulipo. Ngati anangotchula manambala a khadi pa foni inu mutamaliza kale zonse, kunena zoona mlanduwo ndi wofooka. Onaninso kuti ndalama zinalowa kwa ndani. Zipatala zina zimalandira ndalama koma n'kulemba kuti dokotala ndi wodziimira payekha, ndipo kulipira kudzera mwa ajenti kapena PayPal nthawi zina kumadula ubale umene lamuloli limafuna pakati pa banki, mwini khadi ndi wogulitsa.

Wolembera banki akhale azakhali, osati inu. Atchule Section 75, tsiku lolipira ndi ndalama zimene akufuna. Kungonena kuti mphuno sinakongole sikukwanira. Consumer Rights Act ya 2015 imafuna kuti ntchito igwiridwe mosamala ndi mwaluso loyenera, choncho pakufunika lipoti la dokotala wina wosagwirizana ndi chipatalacho lonena pomwe panalakwika. Onjezani zithunzi zokhala ndi madeti, ndipo itanitsani faelo yanu kuchipatalako. Kawirikawiri ayenera kukupatsani pasanathe mwezi umodzi, kwaulere.

Banki ikakana, azakhali alembe dandaulo. Bankiyo ili ndi masabata 8 oti ipereke yankho lomaliza, ndipo kuchokera pa tsiku la yankholo pali miyezi 6 yopitira ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa mabanki, komwe salipiritsa.

M'kalata yoyamba yomweyo azakhali apemphenso chargeback, njira imene banki imabwezera ndalama pa khadi kuchokera kwa wogulitsa. Imeneyi si lamulo la boma, ndi ndondomeko ya Visa ndi Mastercard, ndipo nthawi yake ndi yaifupi, kawirikawiri masiku 120. Imangobweza zimene khadi linalipira basi.

Ululu, kupuma movutikira ndi mtengo wa opaleshoni yachiwiri ndi zanu, si za azakhali, ndiye musayembekezere kuti banki yawo izilipira mosavuta. Zimenezo mukasumire chipatala kapena dokotalayo inuyo kudzera kwa loya wa clinical negligence, wa milandu ya kusasamala kwa achipatala. Ku England mlandu wovulala umayenera kulowa kukhoti pasanathe zaka 3 kuchokera pa tsiku la opaleshoni kapena pamene munadziwa kuti mwavulazidwa, ndipo masikuwo saima pamene mukudikira banki.